Munthu Woyenda pa Giya Yachiwiri

Panali munthu wina kuchigwa cha Mtakataka, dzina lake Lufeyo, amene ankayenda pa giya imodzi yokha.

Galimoto yake inali pikiapu yakale, yoyera pobadwa koma tsopano ya mtundu wa fumbi. Magiya inali nawo onse, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe yothyoka dzino. Koma anthu a m'deralo ankaidziwa ndi kulira kwake. Inkabwera ikubuula pa giya yachiwiri, n'kumadutsa pang'onopang'ono ngati ikuperekeza maliro. Akabaza ankaipitirira akuimba belu. Mbuzi zogona pamsewu zinkayamba zaiyang'ana, n'kutafuna kaye, kenako n'kudzuka mwaulesi.

Musaganize kuti Lufeyo anali mbuli pa za galimoto. Unyamata wake wonse unathera pa chiwongolero cha malole onyamula thonje, ndipo khutu lake linkamva nthenda ya injini isanayambe n'kutsokomola komwe. Magiya atayamba kulimba, iye anachita zonse zimene munthu wodziwa amachita. Anaviika chala mu giyabokosi, n'kupeza oyilo wakuda ndi wochepa. Anamukhetsa, n'kuthira watsopano. Anakwawira kunsi n'kupaka gilizi m'timfundo tonse timene ndodo ya magiya imakokera. Anasuntha ngakhale kachiguduli ka pansi pa mapazi, poti nthawi zina n'komwe kamatsekereza chopondera cha kilatchi kuti chisafike pansi. Magiya anangolimbabe.

Ndiye anayesa njira imene sinama. Anazimitsa injini n'kugwira ndodo, magiya onse n'kulowa mofewa ngati mpeni m'papaya lakupsa. Analiza injini, n'kuponda kilatchi mpaka pansi, ndodo n'kukana. Atakakamiza, m'mimba mwa galimoto munamveka kukukuta kwa mano. Pamenepo anadziwa kuti magiya alibe mlandu. Kilatchi ndi imene sinkalekanitsa injini ndi magudumu, ndipo giya silowa ziwirizi zikadali zogwirana. Kalabala kena kotsekera mafuta kanali katatha, mafuta a kilatchi anadontha, ndipo m'paipi munalowa mpweya. Kalabalako anasintha yekha. Mafuta anathira yekha. Chimene chinatsala ndi mpweyawo.

Mpweya umenewu ndi wochepa, sungadzaze n'kasupuni komwe. Koma ukakhala m'paipi, phazi limaponda pachabe, mphamvu yonse n'kumathera mwa iwo. Kuutulutsa, kumene amakaniko amati kubulida, si ntchito yovuta, kungoti ndi ya anthu awiri. Wina amakhala pampando n'kumapopa chopondera, kenako n'kuchigwira pansi. Wina amagona kunsi ndi sipanala, n'kumasula kanati kuti mpweya utuluke, n'kukamanganso msanga mnzakeyo asanachotse phazi. Wa pampando safika pa kanati, ndipo wa kunsi safika pa chopondera.

Zaka zonse, wa pampando anali mkazi wake, Elube. Mayiyu sankadziwa kupalasa ndi njinga yomwe, koma pa ntchito imeneyi phazi lake linali katswiri. Ankaigwira pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pawo, Lamulungu akaweruka kutchalitchi. Elube ankakhala cham'mbali, chitseko chili chotsegula, phazi lamanzere likupopa, lamanja likulendewera kunja. Lufeyo ali kunsiko ankangoona phazi lolendeweralo, patapata wabuluu akugwedezeka pa chala.

"Popani, make Felesiya."

"Ndikupopa."

"Gwirani."

"Ndagwira, koma musachedwe. Ndiwo zanga zikupserera."

Elube anamwalira mvula itangoyamba. Mpweya unalowa m'paipi chimanga chitayamba kuuma.

Lufeyo anayesa kugwira ntchito ya awiri ali yekha. Anadula chidutswa cha nsungwi. Ankapopa, n'kupanikiza chopondera ndi nsungwiyo, n'kutsika, n'kukwawira kunsi. Koma akangomasula kanati, chopondera chinkatsikiratu, nsungwi n'kugwa, chopondera n'kubwerera m'mwamba chikuyamwa mpweya wina watsopano. Anachita zimenezi Lamulungu ndi Lamulungu, mpaka nsungwi inasalala ndi thukuta la manja ake. Anzake apafupi ankabwera n'kuima chapatali.

"A Lufeyo, tikupopereni?"

"Zikomo, ndiona mawa."

Kunyada ayi, sikunali kunyada. Chinali chisoni. Mawu aja akuti popani, gwirani, anali ndi mwini wake, ndipo kuwanena kwa munthu wina kunali kuvomera kuti mwini wakeyo sadzabweranso. Ngakhale dzina la Elube, chitsikire m'manda, silinatulukenso pakamwa pake.

Choncho anaphunzira kukhala ndi nthendayo. Ankalowetsa giya yachiwiri injini ili chete, n'kupotoza kiyi, galimoto n'kudumpha ngati chule, ulendo n'kuyambika. Akafuna kuima, ankangozimitsa. Ndipo ndikuuzeni zoona, anayamba kuukonda moyo umenewu. Pa giya yachiwiri dziko silithamanga. Milambe inkabwera umodziumodzi, uliwonse n'kumupatsa moni usanadutse. Msewu unkanyezimira ndi dzuwa ngati muli madzi patsogolo, madzi amene safikika. Pampando wa kumanzere panali chitenje cha Elube, chopindidwa bwino, ndipo iye ankachiuza za mitengo ya mbewu, za ana a anthu amene akwatiwa, za bondo lake limene layamba kuwawa. Munthu woyenda choncho safika kutali, koma iyeyo kutali kunalibe chimene ankafunako.

Panali khomo limodzi limene sankalifuna n'komwe. Ku Golomoti, patsinde pa phiri, kunkakhala Rute, mng'ono wake wa Elube. Nkhope zawo zinali zosiyana, koma mawu anali amodzi, moti ukamva wina akuitana nkhuku kuseri kwa nyumba sukanadziwa kuti ndi uti. Lufeyo akamadutsa pamenepo ankayang'ana kumbali, ngati kuti kuchire kuli chinthu chofunika kuona.

Tsiku lina foni yake inalira. Anali Felesiya, mwana wake yekhayo, amene anakwatiwa kumtunda, ku Dedza.

"Bambo, Mulungu watipatsa mwana wamkazi. Atuluka m'chikuta Loweruka m'mawa, ndipo akuchimuna anena kuti dzina mutche ndinu."

Lufeyo anayang'ana galimoto yake pansi pa mango.

"Bambo, chimwalirire amayi ndakhala ndikukuitanani. Nthawi zonse mumati galimoto. Ulendo uno mukapanda kubwera, dzina atcha ena, ndipo ine ndileka kuitana. Sindikunena mokwiya. Ndatopa kuyang'ana kumsewu."

"Ndibwera, mwana wanga."

Lachisanu m'mawa anakweza makina osokera a Elube ndi tebulo lake lomwe, poti mwini wake ananena kuti adzakhale a Felesiya. Anakwezanso thumba la mpunga ndi nkhuku m'dengu. Katundu wotere sakwera matola, ndipo ngakhale akanakwera, Lufeyo sakanasiya galimoto ndi chitenje chija m'mbuyo. Anaponya nsungwi yake kumbuyo kwa mpando, n'kulowetsa giya yachiwiri, n'kudumpha.

Kuchigwa zinayenda. Anadutsa pa Golomoti akuyang'ana kuchire monga mwa masiku onse. Kenako msewu unakhota n'kuyamba kukwera, msewu uja wa Khwekhwelere umene umazungulira phiri ngati chingwe cha mbuzi pachikhomo. Phiri silidziwa chisoni cha munthu. Limangofuna giya yake. Pakona yoyamba ya chitunda injini inayamba kupuma movutika, ikupempha giya yoyamba. Lufeyo anaponda kilatchi, anakankha ndodo ndi manja awiri, mano anakukuta, injini inazima. Analowetsa giya yoyamba ili chete n'kupotoza kiyi. Pamalo athyathyathya zimenezo zinkatheka, koma pachitunda, ndi makina osokera ndi mpunga kumbuyo, galimoto inangong'ung'udza n'kukhala duu. Atayesanso, inang'ung'udza motsitsa mawu. Anadziwa kuti akapitiriza, batire ifa.

Anatsika chafutambuyo, phazi lili pa buleki, pang'onopang'ono, mpaka patsinde pa phiri, pansi pa mlambe. Dzuwa linali paliwombo. Chapatali pang'ono, denga la nyumba ya Rute linkang'anima pakati pa mitengo.

Anatulutsa nsungwi. Anapopa, anapanikiza, anakwawira kunsi, anamasula kanati. Nsungwi inagwa. Iye sanadzuke. Kunsi kwa galimoto kunali mthunzi, kunkanunkha oyilo ndi fumbi lofunda, ndipo nyenje zinkalira mosalekeza, mpaka kulira kwake kunasanduka ngati chete. Chitsulo cha injini chinkathetheka pozizira. Maso ake analemera.

Ndipo anaona phazi likulendewera pachitseko, patapata wabuluu akugwedezeka pa chala. Mthunzi sunalinso wa mlambe, unali wa mango wa pakhomo pawo, ndipo penapake ndiwo zinkabwadamuka pamoto.

"Mwachedwa, make Felesiya," anatero.

"Ine sindinachedwe. Akuchedwa ndinu."

"Popani."

Kunamveka kaseko kaja kotsitsa. "Ndapopa kalekale, bambo ake Felesiya. Phazi langa sililemeranso. Ndikaponda, chitsulo sichimva."

"Nanga ndichite bwanji?"

"Mwayamba liti kufunsa ine za galimoto? Mdzukulu wanga akugona wopanda dzina, inu muli pano kucheza ndi nsungwi."

Patapata analeka kugwedezeka. Lufeyo atatsegula maso, panalibe phazi. Chitseko chokha n'chimene chinkagwedezeka ndi mphepo, ndipo mthunzi wa mlambe unali utasunthira kum'mawa.

Anakwawa n'kutuluka. Anatola nsungwi, n'kuiyang'ana kanthawi, n'kuitsamiritsa pa mlambe. Kenako anasasa fumbi pa malaya n'kuyamba kuyenda kulowera ku denga long'anima lija. Kanjirako kanali kafupi, koma pa maulendo onse amene munthuyu anayenda ndi malole, sindikhulupirira kuti panali wautali kuposa umenewu.

Anapeza Rute pakhonde akupeta mtedza woti akapereke kwa Felesiya, poti nayenso ankafuna kukwera matola a m'mamawa.

"Odi."

"Fikani."

Mawu amenewo anamulasa mumtima, koma sanabwerere. Rute anatukula mutu, n'kuika lichero pansi.

"Kodi ndinu, alamu? Ine ndimati njira ya pakhomo panga pano inamera minga. Ndakumvani mukudutsa, galimoto yanu imayamba kulira ikadali ku Mua."

"Ndabwera kudzapempha phazi, alamu. Lamanzere."

Rute anafuna kuseka, koma atamuyang'ana m'maso, kusekako kunabwerera. Ankadziwa. Anawaonapo akulu ake atakhala cham'mbali pampando uja. Anangomanga mtedza wake m'kansalu, n'kutseka chitseko.

Atafika pa mlambe, Lufeyo anadzaza mafuta m'kabotolo ka kilatchi, n'kumuonetsa chopondera cha kumanzere. Rute anakhala pampando. Lufeyo anagona kunsi, sipanala ili pa kanati. Ndipo mawu anakana. Nyenje zinalira, nkhuku m'dengu zinadandaula, dzuwa linapendekabe.

"Ndikudikira, alamu," anatero Rute mofatsa.

"Popani, alamu."

Chopondera chinayamba kulira.

"Gwirani."

"Ndagwira."

Anali mawu omwe aja. Misozi inatsika cham'mbali n'kulowa m'makutu, poti munthu wogona chagada ndi mmene amalirira. Anamasula kanati maso ali mbuu, koma asanamange, chopondera chinabwerera m'mwamba n'kuyamwanso mpweya.

"Mwachotsa msanga phazi."

"Munanena liti kuti ndisachotse? Ine si akulu anga, alamu. Iwo munakhala nawo zaka pansi pa mango. Ine mundiphunzitse."

Lufeyo anatembenuza mutu n'kuyang'ana phazi lolendewera pachitseko. Silinali la patapata wabuluu. Linali phazi lalikulu, la nsapato yakuda yapulasitiki, lokhala ndi chipsera cha khasu pa kakolo. Linali phazi la munthu wina, ndipo linkalemera. Pamenepo anaseka, kuseka kwa munthu amene anaiwala kasekedwe, kosakanikirana ndi kulira.

"Chabwino. Mukagwira, musachotse mpaka ndinene."

"Si apo. Kunena n'kwaulere."

Anayambiranso. Rute anapopa, anagwira. Kanati katamasuka, panatuluka kaphokoso ngati ka mphaka wokwiya, ndi thovu. Anabwereza, Lufeyo akutuluka apo ndi apo kukawonjezera mafuta m'kabotolo. Thovu linachepa, linachepa, mpaka panatuluka mafuta okhaokha, oyera, oyenda mwakachetechete.

"Alamu," anatero Rute, "chinthu chanuchi chayamba kundikankha."

"Ndiye kuti chachira."

Ntchito imene inamukanika miyezi yonse ija inatha madzi a tiyi asanawire.

Rute atazungulira kuti akwere mbali inayo, anapeza chitenje chija pampando, n'kuima. Lufeyo anachinyamula ndi manja awiri. Anachigwira kanthawi, kenako n'kuchiika m'manja mwa mlamu wake.

"Chifungatireni. Mpandowo ndi wokhalapo anthu."

Analiza injini galimoto ili chiimire, chinthu chimene anali ataiwala. Anaponda kilatchi. Giya yoyamba inalowa popanda mawu. Yachiwiri inalowa. Msewu usanayambe kukwera panali kamtunda kowongoka, ndipo dzanja lake, lisanafunse kwa mwini wake, linapita lokha pa giya yachitatu, poti madzi saiwala khwawa. Kubuula kuja kunatha. Galimoto inapumira m'munsi ngati munthu amene watula mtolo.

Anakwera phiri. Pakona iliyonse ankatsitsa giya, akatuluka n'kukweza, ndipo chigwa chinkatsalira pansi pang'onopang'ono, ndi milambe yake, ndi msewu wake wonyezimira, mpaka zonse zinasanduka utsi wabuluu. Mphepo inayamba kuzizira. Rute ankayankhula za mtedza wake ndi za mbuzi za mnzake zimene zimamudyera masamba, ndipo Lufeyo ankamvetsera. Mawu anali omwe aja, koma nkhani zinali zina. Anadabwa kuona kuti khutu lake likutha kupirira.

Felesiya anali pawindo pamene galimoto inalowa pakhomo. Sanaizindikire msanga, chifukwa ankadikira kumva kubuula.

M'mawa mwake amayi a pamudzi anatulutsa mwana. Rute anatambasula chitenje cha akulu ake, n'kumukulungamo, n'kumuika m'manja mwa agogo ake. Anthu anadikira. Lufeyo anayang'ana kankhope kotsinzina, ndi kaphazi kamene kanatulukira kunja kwa nsalu kakugwedezeka. Mawu anakananso, koma ulendo uno sanakakamize. Anapuma, n'kudikira, ndipo dzina linatuluka lokha.

"Uyu ndi Elube."

Felesiya analira, Rute analira, amayi ena analuluta. Lufeyo analitchulanso kachiwiri, motsitsa, kuti pakamwa pazolowere.

Inu amene mwandimvetsera, ena mwa inu mwabwera pano pa giya yachiwiri, ndipo mwayenda choncho nthawi yaitali moti mwayamba kuyesa kuti ndiye mayendedwe. Vuto lanu mumalidziwa, simusowa wokuuzani. Mwasintha zonse zimene munthu angasinthe yekha. Chimene chatsala ndi chaching'ono, sichioneka, koma sichituluka ndi nsungwi. Mutu umodzi susenza denga, munamva kale zimenezo. Chimene mwina simunamve n'chakuti wokuthandizaniyo sadzakhala amene mukumulira. Adzabwera ndi phazi lake, adzalakwitsa poyamba, ndipo mudzayenera kumuphunzitsa. Khomo lake mukulidziwa, ndi lomwe lija mumadutsa mukuyang'ana kuchire. Pitani mukachite odi dzuwa lisanapendeke, chifukwa kumtunda kuli wina amene watopa kuyang'ana kumsewu.